Kuyesa Ukonde wa Magetsi Popanda Kuuzimitsa

 M'nkhani yathu ya lero tikambirana za vuto limene lasautsa akatswiri a zamagetsi kwa zaka pafupifupi 100, ndiponso za nzeru imene adaitulukira polimbana nalo. Mmisiri amene wakonza njinga amayamba waikwera pabwalo asanaipereke kwa mwini wake. Makaniko amaliza injini ya galimoto namvetsera, ndipo akakayika amaizimitsa ndi kuimasulanso. Koma alipo makina ena aakulu kwambiri, otambalala mpaka kudutsa malire a maiko, amene munthu sangawaimitse ngakhale kwa mphindi imodzi kuti awayese, pakuti akaima, zipatala, mipope ya madzi, zigayo ndi mafakitale ziima nawo limodzi. Makinawa ndiwo ukonde wa magetsi, ndiko kuti malo onse opukusira magetsi, mawaya, mathiransifoma ndi zonse zolumikizidwa kwa iwo, kufikira babu la m'nyumba mwanu. Nanga munthu angadziwe bwanji kuti makina otere adzapirira pa tsiku la mphenzi ndi namondwe?

Kuti yankho limveke, tiyambe taona khalidwe la magetsi. Chimanga timakolola kamodzi pa chaka ndi kuchisunga m'nkhokwe. Magetsi a m'mawaya alibe nkhokwe yaikulu yotero. Mabatire akuluakulu ayamba kuthandiza m'zaka zino, komabe gawo lalikulu la magetsi amene akuunikirani pakali pano lapangidwa m'kamphindi komweka. Choncho magetsi opangidwa ndi magetsi ogwiritsidwa ntchito ayenera kulingana nthawi zonse, usana ndi usiku, dzinja ndi chilimwe.

Aliyense amene adapitako kuchigayo cha dizilo amadziwa chimene chimachitika wogayitsa akathira chimanga chambiri pa kamodzi. Kulira kwa injini kumatsika ngati ikubanika, ndipo chimanga chikatha imaliranso mokweza. Majenereta amachita chimodzimodzi. Magetsi athuwa amasinthasintha mbali, kupita ndi kubwerera, ka 50 pa sekondi imodzi, pamene ku United States ndi ku Canada amatero ka 60. Kugunda kumeneku ndiko mtima wa ukonde. Katundu akachuluka majenereta amachepa liwiro ndipo kugunda kumatsika. Katundu akachepa mwadzidzidzi majenereta amathamanga ndipo kugunda kumakwera. Kukatsika kapena kukwera mopitirira malire, majenereta amadzichotsa okha pa ukonde podziteteza, ndipo jenereta iliyonse yochoka imasiyira zinzake katundu wolemera koposa.

Palinso chinthu china chachikulu. Atsikana atatu akamasinja mu mtondo umodzi, aliyense ali ndi musi wake, koma onse amasunga mgundo umodzi. Wina akafulumira kapena kuchedwa pang'ono pokha, misi imawombana ndipo chimanga chimatayika. Majenereta onse a pa ukonde umodzi nawonso ayenera kusunga mgundo umodzi, ngakhale akhale mazanamazana, ena pa mtsinje, ena pa mgodi wa malasha, motalikirana makilomita zikwizikwi. Chimene chimawagwirizanitsa ndi magetsi omwewo oyenda m'mawaya, amene amakoka ngati chingwe cha mphira. Jenereta imodzi ikagwedezeka imakoka zinzake, nazonso zimaikoka. Kugwedezekako kungathe kuzirala pang'onopang'ono, kapena kungathe kukula mpaka chingwe chiduke. Akatswiri akamanena za kukhazikika kwa ukonde, funso lawo limakhala lomweli: ukagwedezeka, ubwerera m'malo kapena uphwasuka?

Umodzi umenewu si nthano ayi. Ku Ulaya maiko oposa 20, kuyambira ku Portugal kumadzulo mpaka ku Turkey kum'mawa, ali pa mgundo umodzi. Kumayambiriro kwa chaka cha 2018 kudali mkangano pakati pa Serbia ndi Kosovo pa nkhani ya amene ayenera kukwaniritsa magetsi operewera m'dera lawo. Kugunda kwa ukonde wonse kudatsika pang'ono kwambiri, kufika pa 49.996, kusiyana kumene diso silingakuone pa babu. Koma mawotchi a m'masitovu ndi m'mawailesi, amene amawerenga nthawi potsata kugunda kwa magetsi, adayamba kutsalira, ndipo pofika mwezi wa Malichi adali atachedwa ndi mphindi pafupifupi 6 m'maiko onse a pa ukondewo. Wotchi ya ku Lisbon idatsalira chifukwa cha mkangano wa anthu okhala makilomita oposa 2,000 kuchokera kumeneko.

Tsono maiko amalumikiziranji mawaya awo? Mutu umodzi susenza denga. Dziko limene mitsinje yake yaphwa lingagule magetsi kwa linzake, ndipo jenereta imodzi ikafa pakati pa mazanamazana, enawo amanyamula katundu wake osamva kulemera. Komatu walira mvula walira matope. Pa mzere uliwonse wa mawaya pamakhala kachipangizo kotchedwa relay, kamene tingakatche mlonda wa mzere, pakuti kakaona ngozi kamalamula swichi yaikulu kuti idule mzerewo. Madzulo a pa 9 Novembala 1965, pa malo opukusira magetsi a Sir Adam Beck, pafupi ndi mathithi a Niagara ku Canada, relay imodzi idadula mzere umodzi mwa mizere isanu yopita cha ku Toronto. Mzerewo udalibe vuto. Relay ndiyo idatcheredwa motsika kwambiri. Katundu wake adagwera pa mizere inayi yotsalayo, nayonso idaduka m'masekondi ochepa. Magetsi onse amene ankapita kumpoto adatembenukira kumwera, nasefukira m'mawaya a chigawo cha New York. Pasanathe mphindi 15 anthu okwana 30 miliyoni adali mumdima, ena mpaka maola 13.

Ngozi imeneyi idatsimikiza chimene akatswiri adali atachizindikira kale, chakuti ukonde waukulu sungaweruzidwe ndi maso kapena ndi chizolowezi chokha. Popeza weniweniwo sungayesedwe, pafunika chifaniziro chake, chimene munthu angachigwetsere mphenzi kambirimbiri popanda wovulala.

Chifaniziro choyamba chidali cha mawaya enieni. Cha m'ma 1929 ndi 1930, pa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America, Harold Hazen ndi anzake, motsogozedwa ndi Vannevar Bush, adamanga makina odzaza chipinda, mmene tizipangizo ting'onoting'ono tinkaimira majenereta, mizere ndi mizinda. Makampani a magetsi ankabwereka makina oterewa, nalumikiza timawaya molingana ndi mapu a ukonde wawo, nawerenga mamita. Pambuyo pake padabwera makina ena a mtundu womwewu, otha kutsanzira ngakhale kugwedezeka kwadzidzidzi. Ubwino wake udali wakuti munkayenda magetsi enieni, kotero kuti zinthu zinkachitika pa liwiro lenileni. Kuipa kwake kudali kwakuti kukonzekera kuyesa kumodzi kunkadya masiku ambiri, ndiponso ukonde waukulu sukadakwana m'chipinda.

Makompyuta atafika, kaukonde ka mawaya kaja kadasanduka masamu. Mu 1969 Hermann Dommel, katswiri wochokera ku Germany amene ankagwira ntchito ku Bonneville Power Administration mumzinda wa Portland ku America, adafalitsa njira yowerengetsera mmene magetsi amagwedezekera m'mawaya pakachitika ngozi, ndipo njira yakeyo ndiyo maziko a mapulogalamu ambiri mpaka lero. Koma makompyuta a nthawiyo ankachedwa. Ngozi ya sekondi imodzi inkatha kutenga mphindi zambiri kuti iwerengedwe. Kwa munthu wongofuna yankho, kudikira si kanthu. Vuto limadza pamene mufuna kuyesa chipangizo chenicheni, monga relay imene mwangogula kumene. Relay idapangidwa kuti izimva magetsi akugunda ka 50 pa sekondi, ndipo singayesedwe ndi chifaniziro choyenda mwaulesi, monganso wovina sangavine ng'oma yoombedwa kamodzi pa mphindi. Pafunika chifaniziro choyenda limodzi ndi wotchi, chakuti sekondi imodzi ya m'kompyuta ikhale sekondi imodzi ya padziko. Makina otere m'Chingerezi amawatcha real-time simulator, ndipo ife tiwatche makina oyerekezera.

Ntchito ya makinawa ndi yothina kwambiri. Kawirikawiri sekondi imodzi amaidula m'tizidutswa 20,000, ndiye kuti kugunda kumodzi kwa magetsi athu kumapatsidwa tizidutswa 400. Pa kadutswa kalikonse kompyuta iyenera kupeza volteji, ndiyo mphamvu yokankha magetsi m'waya, pa mfundo iliyonse ya ukonde. Iyenera kupeza kuchuluka kwa magetsi oyenda mu mzere uliwonse, ndi liwiro la jenereta iliyonse. Ndipo iyenera kumaliza zonsezi kadutswako kasanathe. Ikachedwa, chifaniziro chasiyana ndi wotchi, ndipo zotsatira za kuyesako sizingadalirikenso.

Kompyuta imodzi payokha singathe kusenza ukonde waukulu pa liwiro lotere. Nzeru yogawira ntchitoyi idachokera m'khalidwe la magetsi omwewo. Kugwedezeka kukayamba kumapeto kwina kwa mzere sikufika kumapeto kwinako nthawi yomweyo. Kumayenda pa liwiro loyandikira la kuwala, makilomita 300,000 pa sekondi, ndiye kuti pa kadutswa kamodzi kaja kumayenda makilomita 15 okha. Tsono ngati masiteshoni awiri alekanitsidwa ndi mzere wotalika kuposa pamenepa, chochitika pa siteshoni ina sichingakhudze inzake kadutswako kasanathe. Pamalo otere ndi pamene amadulira ukonde. Kompyuta ina itenga chigawo ichi, ina chigawo icho, iliyonse iwerenga zake, ndipo pakutha pa kadutswa zipatsana mayankho, monga anthu a pa dima amagawana mizere nakakumana kumutu kwa munda. Ukonde ukakula, amangoonjezera makompyuta.

Nzeru imeneyi idakhwimira ku Canada, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Mitsinje ikuluikulu ya dzikolo ili kutali kumpoto, pamene anthu ambiri amakhala kumwera. M'chigawo cha Manitoba magetsi a pa mtsinje wa Nelson amayenda makilomita pafupifupi 900 kuti afike kufupi ndi mzinda wa Winnipeg, kudzera m'mizere ya mtundu wotchedwa HVDC, mmene magetsi amayenda mbali imodzi yokha, osasinthasintha, ndipo amawongoleredwa ndi zipangizo zofulumira kwambiri. Akatswiri a pa Manitoba HVDC Research Centre adafuna njira yoyesera zipangizo zimenezi, ndipo mu 1989 adaonetsa makina a kompyuta otha kutsanzira mzere wotere pa liwiro lenileni. Mu 1994 padakhazikitsidwa kampani ya RTDS Technologies yopanga ndi kugulitsa makinawa. Ku Quebec nako, kumene mizere ya mavolti 735,000 idayamba kugwira ntchito mu 1965, akatswiri a kampani ya Hydro-Québec adapanga makina awoawo otchedwa Hypersim.

Tiyeni tilowe m'chipinda choyeseramo. Mulibe jenereta, mulibe nsanja. Muli makabati achitsulo otalika ngati filiji, odzaza ndi makompyuta, ndipo pambali pake pali relay yeniyeni, yomweyo imene ikuyembekezeka kukalondera mzere kutchire. Kabati imatumizira relay zizindikiro zofanana ndendende ndi zimene ikadamva kutchireko, ndipo iyo sidziwa kuti ili m'chipinda. Mmisiri adina batani, mphenzi yoyerekezera igwa pakati pa mzere. Relay ilamula kuti mzere udulidwe, lamulolo libwerera m'kabati, chifaniziro chidula mzere, ndipo onse ayang'ana ngati majenereta akhazikika. Kawirikawiri mzere waukulu umayenera kudulidwa m'gawo limodzi la magawo khumi a sekondi. Kenaka asunthira mphenziyo pafupi ndi siteshoni, kenaka pa mzere woyandikana nawo, kenaka aigwetsa pa nthawi imene katundu wachuluka. Usiku umodzi makinawa angathe kugwetsa ngozi mazanamazana. Relay ikadula mzere wosalakwa, monga ija ya 1965, cholakwacho chapezeka popanda nyumba ngakhale imodzi kuzimiridwa magetsi.

Chifaniziro chimayankhanso mafunso okhudza ukonde wonse. Oyendetsa magetsi ali ndi lamulo lakale lakuti ukonde uyenera kupirira kutayika kwa chinthu chimodzi chilichonse, kaya mzere, kaya thiransifoma, kaya jenereta yaikulu koposa. Kuti adziwe ngati lamuloli likusungidwa, amachotsa zinthuzo chimodzichimodzi m'chifaniziro ndi kuona zotsatira. Mmenemo ndimo amapezera malire a magetsi amene mzere unganyamule, ndi madera amene ayenera kudulidwa msanga kugunda kukatsika kwambiri, kuti ukonde wonse upulumuke. Oyang'anira m'zipinda zowongolera nawonso amaphunzira pa zifaniziro, monga oyendetsa ndege amachitira, kuti tsiku la ngozi lisakhale tsiku lawo loyamba kuiona.

Komabe, omvera, apa ndi pamene pagona nkhani yathu. Chifaniziro chimanena zoona pokhapokha ngati chauzidwa zoona. Masana a pa 10 Ogasiti 1996 kudatentha kwambiri kumadzulo kwa America. Mawaya akatentha amatanuka ndi kulendewera, ndipo m'chigawo cha Oregon mizere ina ikuluikulu idakhudza mitengo niduka. Posakhalitsa majenereta onse 13 a pa damu la McNary adachoka pa ukonde. Magetsi oyenda pakati pa kumpoto ndi California adayamba kukwera ndi kutsika ngati funde, kamodzi pa masekondi anayi alionse, ndipo fundelo lidakulirakulira mpaka ukonde udang'ambika m'zigawo zinayi. Nyumba ndi makampani okwana 7.5 miliyoni adazimiridwa magetsi.

Pambuyo pake akatswiri adaika zochitika zonsezi m'kompyuta, pogwiritsa ntchito ziwerengero zomwezo zimene makampani ankadalira tsiku ndi tsiku. Kompyuta idayankha kuti ukonde wakhazikika bwino lomwe. Chimene chidaonongeka padziko sichidaonongeke m'chifaniziro. Masamu adalibe vuto. Vuto lidali lakuti zimene zidalembedwa zokhudza majenereta, zowongolera zake ndi katundu wa m'mizinda zidali zosiyana ndi mmene zinthuzo zinkachitira kwenikweni. Kuchokera pamenepo kudalamulidwa kuti majenereta akuluakulu a m'deralo aziyesedwa pamalo pomwe ali, kuti ziwerengero zolowa m'chifaniziro zikhale zoyezedwa ndithu.

Chida chimene chathandiza kwambiri pa ntchito yoyerekeza chifaniziro ndi ukonde weniweni chidachokera kwa Arun Phadke ndi James Thorp, ndipo choyamba chake chidamangidwa pa sukulu ya Virginia Tech mu 1988. Chida chimenechi, chotchedwa PMU, chimayeza magetsi kambirimbiri pa sekondi ndi kulemba nthawi yake yeniyeni, yotengedwa ku masatelaiti. Zida zotere zikaikidwa m'masiteshoni otalikirana, munthu amatha kuona ukonde wonse pa kamphindi kamodzi, ndipo ngozi iliyonse yeniyeni imasanduka mayeso a chifaniziro. Zikagwirizana, chifaniziro n'chodalirika. Zikasiyana, chofunika kukonza ndi chifanizirocho.

Chifaniziro chabwino chilibenso phindu ngati anthu sachifunsa. Usiku wa pa 4 Novembala 2006, kumpoto kwa Germany, mzere waukulu wodutsa pamwamba pa mtsinje wa Ems udazimitsidwa dala kuti sitima yatsopano yotchedwa Norwegian Pearl idutse pansi pake. Ntchitoyi idawerengetseredwa pasadakhale, koma nthawi yake idasinthidwa, nichitika maola angapo nthawi yoyambayo isanakwane, ndipo makampani oyandikana nawo adauzidwa mochedwa. Mzere wina utayamba kulemedwa, oyang'anira adasintha malumikizidwe pa siteshoni ina mongoganizira, osayesa kaye m'kompyuta, poyembekeza kuti katundu achepa. Katunduyo adachuluka. M'masekondi ochepa ukonde wa Ulaya udagawika patatu, ndipo nyumba zokwana 15 miliyoni zidazimiridwa magetsi, mpaka ku France, Italy ndi Spain. Safunsa adadya phula.

M'zaka zino ntchito ya makina oyerekezera yakula chifukwa cha magetsi a dzuwa ndi a mphepo. Jenereta ya pa mtsinje ndi chitsulo cholemera matani ambiri, ndipo kulemerako kumaithandiza kupitirizabe kuzungulira ikagwedezedwa, zimene zimapatsa ukonde mpata wopuma. Magetsi a sola alibe chozungulira. Amalowa pa ukonde kudzera mu inveta, chipangizo chimene ambiri mumachidziwa m'nyumba zanu, ndipo makina ambiri a mphepo amateronso. Khalidwe la inveta lili m'pulogalamu imene adailemba opanga, ndipo imachita zinthu mofulumira kwambiri, kotero kuti zifaniziro zakale, zimene zinkayang'ana kugwedezeka kwa majenereta olemera, sizitha kuona zonse.

Pa 28 Sepitembala 2016 namondwe adagwetsa nsanja za mizere itatu ikuluikulu m'chigawo cha South Australia. Volteji idatsika mwadzidzidzi kasanu ndi kamodzi m'mphindi ziwiri. Makina ambiri a mphepo adali ndi lamulo m'kati mwawo lakuti volteji ikatsika mobwerezabwereza, adzichotse. Lamulo limeneli silidali m'zifaniziro zimene bungwe loyendetsa ukonde, la AEMO, lidali nazo, ndipo bungwelo silinkalidziwa. Mamegawati 456 adasowa pasanathe masekondi 7, mzere wochokera ku chigawo cha Victoria udalemedwa nuduka, ndipo chigawo chonse chidagwa mumdima. Lamulo lobisikalo litadziwika, lidasinthidwa. Phunziro lake ndi lomwe lija la 1996: chimene sichidalembedwe m'chifaniziro sichingaonekemo. Ndipo nkhaniyi sidathe, pakuti pa 28 Epulo 2025 masana, volteji itakwera mosalamulirika, Spain ndi Portugal adazimiridwa magetsi pasanathe mphindi imodzi.

Mwina wina afunsa kuti zonsezi zikutikhudza bwanji ife kuno. Mu 1995 maiko a m'bungwe la SADC adakhazikitsa mgwirizano wogulitsana magetsi wotchedwa Southern African Power Pool, umene likulu lake loyendetsera ntchito lili ku Harare. Mawaya ake amalumikiza malo monga Kariba, Kafue Gorge, Cahora Bassa ndi malo opukusira magetsi ndi malasha a ku South Africa. Kuchokera ku Songo, pafupi ndi damu la Cahora Bassa, pali mzere wa HVDC wa makilomita pafupifupi 1,400 wopita kufupi ndi Johannesburg, wa mtundu womwe uja umene udachititsa anthu a ku Winnipeg kupanga makina awo. Zabwino za umodziwu anansi athu azilawa, zowawa zakenso azilawa: mu Novembala 2024 Zambia ndi Zimbabwe adazimiridwa magetsi usiku umodzi womwewo.

Kwa zaka zambiri Malawi adali membala wa mgwirizanowu koma wopanda mzere waukulu womulumikiza ndi anzake. Kuyambira pamene Nkula adatsegulidwa mu 1966, gawo lalikulu la magetsi athu lakhala likuchokera pa mtsinje umodzi wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Kuopsa kokhala pawekha kudaoneka mu Januwale 2022, pamene namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 nasowa mpaka mu 2023. Mu 2019 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse idavomereza ndalama zothandizira kumanga mzere wa mavolti 400,000, wa makilomita 218, kuchokera ku Matambo m'chigawo cha Tete ku Mozambique kufika ku Phombeya m'boma la Balaka. Pa nthawi yomweyo magetsi a dzuwa adayamba kulowa pa ukonde wathu, monga mamegawati 60 a ku Salima mu 2021 ndi mamegawati 20 a ku Golomoti mu 2022.

Mzere wotere umalowetsa musi wathu mu mtondo wa anthu ambiri, ndipo umabwera ndi mafunso amene ayenera kuyankhidwa m'chipinda asanayankhidwe ndi mphenzi. Mzerewo ukaduka pa nthawi imene tikugula magetsi ambiri, kodi majenereta a pa Shire angathe kunyamula katundu yense mwadzidzidzi, kapena ndi madera ati amene ayenera kudulidwa, ndipo msanga bwanji? Jenereta yaikulu ikagwa kutali, kumaiko a anzathu, kodi funde lake lizirala lisanatifike? Mtambo ukaphimba dzuwa ku Salima masana, nanga ndi makina ati amene adzakwaniritse chosowacho? Makina oyerekezera angagulidwe kunja, koma zoona zimene ayenera kuuzidwa sizigulidwa. Ziyenera kuyezedwa pa Nkula ndi pa Tedzani pomwe, ziyenera kufunsidwa kwa aliyense womanga malo a sola, ndipo ziyenera kugawidwa mosabisa pakati pa makampani a maiko onse olumikizana. Relay ikasinthidwa katcheredwe kutchire, chifaniziro chiyenera kusinthidwa tsiku lomwelo.

Ntchito imeneyi siioneka ndi maso, ndipo ikagwiridwa bwino palibe amene amaimva, pakuti chipatso chake ndi ngozi imene sidachitike. Imafuna anthu odekha, okonda masamu ndi sayansi, okhulupirika polemba chimene ayeza ngakhale chikusiyana ndi chimene amayembekeza. Inu ophunzira amene mukumvera pamodzi ndi makolo anu, dziwani kuti masamu amene mukulimbana nawo m'kalasi ndiwo amene amayenda m'makabati aja ka 20,000 pa sekondi. Zimene zidagwera New York, Oregon, Germany ndi South Australia zidalembedwa poyera kuti ena aphunzirepo, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Dziko lanzeru limagwetsa mphenzi zake m'chifaniziro, limachiuza zoona, ndipo limachifunsa lisanakhudze swichi.